Msambo ukudumphadumpha koma tikufuna mwana: mafunso ndi mayankho

Mwezi wadutsa osasamba, kodi ndaima?

Mwina. Yezetsani mkodzo kaye, patatha sabata kuchokera tsiku limene mumayembekezera. Ikakwana miyezi 3 mulibe pathupi, msambo uli zii, tengani buku lanu lakuchipatala mukaonane ndi adokotala.

Ndinasiya jakisoni wa Depo kalekale. Wanditseka?

Ayi, satseka. Amangochedwa kutha m'thupi, ndipo ena amadikira miyezi 10 ngakhale chaka chisanabwerere chonde. Kuyamwitsa, kuwonda kwambiri, chithokomiro ndi vuto lotchedwa PCOS, lomwe limabwera ndi ziphuphu ndi tsitsi pachibwano, nazonso zimaletsa dzira kukhwima.

Tidikire mpaka liti?

Chaka chathunthu mukugona limodzi osalera; miyezi 6 ngati mwakwanitsa zaka 35. Koma amene msambo wake ukusowa asadikire chakacho. Ngati muli ku Mangochi, yambirani pa chipatala cha boma, akaona kuti n'koyenera akutumizani ku Zomba Central.

Nanga Clomid amene anzanga amagula pafamase?

Apa ndiye pamene ambiri timalakwitsa. Clomid, yemwe dzina lake lina ndi clomiphene, amamwedwa masiku 5 kumayambiriro kwa msambo, kawirikawiri kuyambira 50mg, ndipo ntchito yake ndi imodzi: kukhwimitsa dzira. Machubu otsekeka sawatsegula, umuna wofooka saulimbitsa. Madokotala sakonda kupitirira miyezi 6, ndipo mwayi wa mapasa umakwera. Mukayamba kuona zinthu mwachimbuuzi kapena mimba kutupa ndi kuwawa, siyani, thamangirani kuchipatala. Mapiritsi otsitsa msambo ndi ena: magazi abwera, koma sikuti dzira latuluka.

Ndipo ngati bambo ali ku Joni kapena atha mwezi ku usodzi, mukumwera ndani? Dzira limatuluka masiku 5 mpaka 10 mutamaliza mankhwala, iwo akhalepo.

Bambowo ayezetsenso?

Eya, apongozi anene zimene anene. Kuyeza umuna n'kosavuta kuposa zambiri zimene mayi amapimidwa.

Likodzo likukhudzana bwanji?

Amene tinakulira kuchapa ndi kusamba m'nyanja, ku Malombe kapena mu Shire, tisamalinyozere. Mazira a tizilombo ta likodzo amakhazikika m'njira yoberekera, kubweretsa chikazi chachilendo, magazi mukatha kugonana, mwinanso zipsera m'machubu. Mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel amapha tizilomboto, koma zipsera zakale sizichoka nthawi zonse. Auzeni adokotala komwe mumachapa ngakhale asanafunse.