PrEP mu Harare: kuchipatala, kufamase, ndi funso la medical aid

Abale athu a ku Mbare, Mufakose, Tafara ndi Epworth, ambiri mwamvapo za PrEP koma simunayambe. Nthawi zambiri chimene chimakubwezani ndi mzere wa kuchipatala. Mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika sangasiye malonda m'mawa wonse, ndipo mnyamata amaopa kukumana ndi azakhali ake pabenchi yodikirira.

PrEP ndi mankhwala amene munthu wopanda HIV amamwa kuti kachilomboko kakalowa m'thupi kasakhazikike. Ndi piritsi limodzi patsiku, ndipo chitetezo chimakwana pakatha masiku 7. Musanayambe yezetsani magazi, kenako muzibwereza miyezi 3 iliyonse. Apa musazembe ayi: munthu amene ali kale ndi kachilombo akamamwa PrEP yokha, kachilomboko kamatha kuzolowera mankhwalawo, chithandizo cha mtsogolo n'kuvuta. Masabata oyamba ena amamva nseru kapena mutu, koma zimatha. PrEP siteteza ku mimba, chindoko kapena chinzonono, kondomu musaitaye.

Kwa oiwala mapiritsi kuli jakisoni. Mu 2022 bungwe loyang'anira mankhwala mu Zimbabwe la MCAZ linavomereza cabotegravir, wobaya miyezi 2 iliyonse, ndipo Zimbabwe inali yoyamba mu Africa kutero. Mu 2025 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa lenacapavir, wobaya kawiri pachaka. Funsani anamwino kuti pachipatala chawo pali jakisoni uti.

Nanga kufamase? Ubwino wake ndi woonekeratu: ili pafupi, imatseka mochedwa, ndipo amene walowamo palibe akudziwa kuti wadzagula chiyani. Ku South Africa khoti linagamula mu 2023 kuti akatswiri a mankhwala a kufamase ophunzitsidwa mwapadera aziyambitsa anthu PrEP okha. Ife tikufunitsitsa njira yotereyi itafala konkuno. Pakadali pano tengani kalata ya dokotala, mupite nayo kufamase yovomerezeka. Mapiritsi ogulitsidwa m'chikwama pamsewu asiyeni.

Ngati muli pa medical aid, kaya Cimas kaya PSMAS, imbani foni musanagule. Funsani ngati amalipira mankhwalawo, kuyezetsa magazi ndi kuonana ndi dokotala, komanso ndalama yotsala imene mudzawonjezere nokha. Amene mulibe, pitani kuchipatala cha khonsolo kapena ku New Start Centre.

Kondomu ikaphulika, kapena mukagwiriridwa, pali PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene amamwedwa ngozi yotere ikachitika kale. Imamwedwa masiku 28, koma iyambike pasanathe maola 72. Zikachitika Lachisanu usiku, musadikire Lolemba. Pitani kuchipatala chimene chili chotsegula.