Mwana akamadandaula povala wotchi, si mphamvu zikubwera

Chichitikireni mpikisano wa Olimpiki wa ku Paris mu 2024, kanema wa Zou Jingyuan, katswiri wa gymnastics wa ku China, ndamuonera kambirimbiri pa mafoni a odwala anga. Mnyamata amalowa m'chipinda chopimira atagwirizira dzanja, ndikamufunsa chomwe chachitika, m'malo moyankha amatulutsa foni. "Adokotala, ndimayeserera izi." Kenaka kholo lomwe lamuperekeza limaponyapo mawu amene andifika pakhosi: "Ife timati ndi mphamvu zikubwera. Paja amati thupi likamapweteka ndiye kuti likukhwima."

Ayi. Minofu ikhoza kuphwanya tsiku lotsatira munthu akalimbitsa thupi, zimenezo n'zoona. Koma povala wotchi palibe mnofu woti uphwanye. Pali mafupa, mitsempha ndi malo amene fupa la mwana limakulira. Pamenepo pakamapweteka sabata ndi sabata, chilipo chikuwonongeka.

Ine ntchito yanga ndi ya mafupa, ndipo masewera a gymnastics ndimawakonda kwambiri, makamaka a amuna a pa mipiringidzo iwiri yoyandikana, omwe pa Chingerezi amati parallel bars. Choncho musaganize kuti ndikudana ndi masewerawa. Chimene ndikudana nacho ndi kuwaonera theka.

Mipiringidzo imene mumaiona pa kanemayo ndi yotalika mamita 3.5, imakhala m'mwamba mamita 2 kuchokera pansi, ndipo mpata wa pakati pake wosewera aliyense amausintha yekha, kuyambira masentimita 42 mpaka 52, molingana ndi mapewa ake. Kunja kwake ndi thabwa, m'kati muli fibreglass, ndiye munthu akaitsamira imawerama pang'ono n'kumubweza ngati uta. Pansi pamayalidwa matiresi okhuthala masentimita 20. Chipangizochi ndi chakale, anachiyambitsa ndi Friedrich Ludwig Jahn ku Berlin zaka zoposa 200 zapitazo, ndipo pa Olimpiki yoyamba ya masiku ano ku Athens mu 1896 chinalipo kale, Alfred Flatow wa ku Germany n'kupambana. Zaka zonsezi akatswiri akhala akuchikonza kuti chizimvera thupi la munthu.

Tsono taonani zimene majaji amayang'ana. Kuyambira mu 2006 wosewera amapatsidwa mapointi a mitundu iwiri: ena a kuvuta kwa zimene wachita, ena a ukhondo wa kachitidwe kake. A ukhondowa amayambira pa 10 n'kumachotsedwa. Kusuntha dzanja pang'ono utaima chadodolido, 0.1 yapita. Kupinda chigongono kapena kutangadza miyendo posayenera, achotsa 0.1, 0.3 kapena 0.5 malinga ndi kukula kwa cholakwacho. Kugwa ndi pointi yathunthu. Ndipo pali china chimene anyamata anga sakhulupirira ndikawauza: pamene wosewera amayenera kukwera ndi liwiro la kulendewera, akakwera mochita kukankha ndi mphamvu, majaji amamuchotsera. Mphamvu yoonekera ndi cholakwa pamenepo.

Ku Paris Zou anapeza 16.200. Illia Kovtun wa ku Ukraine anabwera pachiwiri ndi 15.500, Shinnosuke Oka wa ku Japan pachitatu ndi 15.300. M'masewera amene mendulo imalekanitsidwa ndi 0.1, kusiya mnzako ndi 0.7 ndi mtunda wautali zedi. Pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021 anachitanso chimodzimodzi, 16.233, Lukas Dauser wa ku Germany n'kumutsatira ndi 15.700, Ferhat Arıcan wa ku Turkey 15.633. Muonereninso bwino mnyamata wa ku China ameneyu. Si wamkulu thupi ayi. Chimene amaposera anzake ndi chakuti akafika pa chadodolido amangoti zii, ngati wakhomeredwa, zigongono zowongoka, manja osasuntha. Anabadwa mu 1998, anayamba ali kamwana, ndipo pofika ku Paris anali atatenga kale ukatswiri wa dziko lonse pa chipangizochi mu 2017, 2018 ndi 2022. Zimene inu mumaonera nthawi yosakwana miniti imodzi zinatenga zaka pafupifupi 20 kuti mafupa ndi mitsempha yake izolowere, pang'onopang'ono, pamaso pa aphunzitsi ndi madokotala. Ngakhale malamulo a FIG, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, salola mnyamata kupikisana ndi akuluakulu asanafike chaka chimene akukwanitsa zaka 18.

Kanemayo sakuonetsani maenje odzaza masiponji momwe amagweramo kambirimbiri pophunzira. Sakuonetsani mphunzitsi ataima pambali kumugwira m'chiuno. Mwina munaonapo osewera akupaka zinthu pa mipiringidzo asanayambe: ndi choko cha magnesium carbonate, ndipo ambiri amathirako uchi weniweni kuti manja asaterere akamalendewera kunsi. Anthuwa amasamala ngakhale za uchi.

Kwathu kuno mnyamata amapita kwa wowotcherera zitsulo, amulumikizira mapaipi awiri, n'kuwazika kuseri kwa nyumba. Paipi siwerama. Kugunda konse kumene mpiringidzo weniweni ukanameza kumathera m'dzanja. Mpata wake anayeza ndi maso, kawirikawiri umakhala waukulu kuposa mapewa a mwanayo. Pansi pali simenti kapena dothi louma gwa. Wamkulu wa zaka 25 wongotsika ndi kukwera pamenepo kulimbitsa chifuwa, ndilibe naye mlandu. Nkhawa yanga ili pa wa zaka 10 mpaka 15 amene akufuna kuponya miyendo m'mwamba m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse.

Chifukwa chake ndi ichi. Mukamadya nkhuku yanthete mumaona kuti kumapeto kwa fupa kuli kofewa, koyera, kotafunika. Mwananso ali ndi malo otero pafupi ndi mapeto a mafupa ake aatali, ndipo fupa limatalikira pamenepo. Pakati pa chigongono ndi dzanja pali mafupa awiri. La mbali ya chala chachikulu ndi limene limasenza katundu wambiri munthu akatsamira pa dzanja. Mukamalipsinja tsiku ndi tsiku dzanja litapindikira kumbuyo, malo okulira aja amatupa n'kuyamba kuphwasuka. Vutoli ndi lodziwika kwambiri moti m'mabuku athu limatchedwa ndi dzina la masewera omwewa, gymnast's wrist. Likapezeka msanga mankhwala ake ndi osavuta: kuleka kutsamira dzanjalo kwa masabata 6 kapena kuposerapo, nthawi zina miyezi itatu, mwina ndi kachikhakha, kenaka kuyambiranso pang'onopang'ono. Likanyalanyazidwa, malo aja amatsekeka nthawi isanakwane. Fupa limodzi limaima, linzake la mbali ya kachala kakang'ono likupitiriza kukula. Zikatero palibe piritsi, palibe kuthowa, palibe fiziyo amene angalitalikitsenso.

Pali mwana mmodzi amene sachoka m'mutu mwanga. Anali ndi zaka 13 pamene anabwera koyamba ndi mayi ake. Amalume ake ndi amene anamukonzera mapaipi, mwachikondi ndithu, poona kuti mwanayo ali ndi luso. Ndipo luso analidi nalo. Anandionetsa pa foni akuima chadodolido pa mapaipi aja, miyendo itagundana bwinobwino, zala za kumapazi zitaloza kumwamba, popanda womuphunzitsa. Dzanja lamanja silinali lotupa kwenikweni. Nditadina ndi chala changa pamwamba pa fupa, pamene pamadutsa lamba wa wotchi, anakoka mpweya n'kuluma mlomo, koma sanalire. Tinajambula manja onse awiri. Kumanja mzere wokulira uja unali wotambasuka, m'mbali mwake mosalongosoka, kumanzere uli bwinobwino.

Ndinati, "Mayi, mwanayu apume miyezi iwiri, asatsamire dzanjali, mubwere naye ndidzamuonenso." Iwo anati, "Zikomo adokotala, tamva." Panja panali mzere wautali, ndipo ndinawatulutsa mwachangu.

Anabweranso patatha chaka ndi theka. Mwanayo anapuma sabata ziwiri zokha, ululu utachepa anabwerera pa mapaipi. Utayambiranso, agogo ake anati kuchipatala sanapatsidwe ngakhale jakisoni, ndiye kuti sanathandizidwe. Anapita naye kwa bambo wina wodziwika kuderako kuti amabwezeretsa mitsempha. Bamboyo anati mtsempha wadumpha, anamukoka dzanja anthu awiri atamugwira, anamutema mphini kuzungulira mfundo yonse, n'kumanga ndi malegeni. Usiku umenewo zala zinatupa n'kuchita dzanzi. Mwamwayi mayi ake anadula malegeniwo kusanache, apo ayi tikanakamba za kupuwala kwa dzanja lonse. Mphini ziwiri zinachita mafinya. Zitapola, mnzake wina anamuuza za Indocid, mankhwala oletsa ululu, nayamba kumwa asanakwere pa mapaipi kuti asamve kupweteka.

Tsiku lomwe anabweranso ndinaona ndisanajambule n'komwe. Kafupa ka mbali ya kachala kakang'ono kanali katatumphuka ngati kamwala pansi pa khungu, dzanja litapendekera mbali ya chala chachikulu. Ndinamupatsa thaulo kuti afinye, analephera. Potembenuza kiyi pachitseko ankamva kubaya. Tinamutumiza kwa madokotala a opaleshoni ya mafupa, chifukwa chotsala pamenepo ndi kuletsa fupa linalo kukula kapena kulifupikitsa. Mayi ake anandifunsa funso limodzi lokha: "Adokotala, bwanji simunatiuze kuti likhoza kupindika?"

Ndinawauza kuti apume. Sindinawauze chifukwa. Chithunzi chija ndinachiyang'ana ndekha pawindo, osawaitana kuti aone kusiyana kwa manja awiriwo. Mpaka lero ndimaganiza kuti ndikanatenga mphindi zisanu kuwalozera ndi cholembera, mwina agogo aja akanapeza wowatsutsa pakhomo. Kuyambira pamenepo kholo lililonse ndimaliimika pawindo.

Tsono ndinene mosapsatira za anthu okoka mitsemphawa. Mtsempha wa m'dzanja sudumpha n'kukakhala pena poti munthu aubweze ndi chala. Wokoka dzanja la mwana popanda kulijambula sakudziwa ngati akukoka fupa lothyoka. Mphini sizifika pa fupa, zimangotsegulira majeremusi khomo, ndipo lumo lotemera anthu angapo mukudziwa kale zimene limanyamula. Kumanga kolimba ndi malegeni kapena nsungwi kumatseka magazi. Zala zikatupa, zikazizira, zikachita dzanzi, kapena mwana akamalira mukamuwongola zala, masulani nthawi yomweyo ndipo thamangani naye kuchipatala usiku womwewo, osadikira kuche. Minofu yosowa magazi imafa m'maola ochepa, ndipo ikafa dzanja limakhwinyata moyo wonse. Enanso ndi a jakisoni wa m'nyumba, obaya mankhwala m'mfundo popanda ukhondo. Mafinya a m'kati mwa mfundo amadya mfundoyo m'masiku owerengeka.

Akuluakulu musaganize kuti mwapulumuka. Mukagwa pa mapaipi n'kutchinjiriza ndi chikhatho, kenaka n'kumamva kupweteka pa kadzenje kamene kamaoneka patsinde pa chala chachikulu mukachitukula, musangoti ndabinya. M'menemo muli kafupa kotchedwa scaphoid, kamene magazi amafikako movutikira. Kakathyoka nthawi zambiri sikaoneka pa chithunzi choyamba, n'chifukwa chake timaika chikhakha ndi kukuuzani kuti mubwere pakatha masiku 10 mpaka 14 tidzajambulenso. Ambiri sabwera, ena amadula okha chikhakhacho ndi mpeni chifukwa chikuyabwa. Timadzakumana patapita zaka, kafupa kosalumikizana, mfundo itayamba kale nyamakazi.

Ena amandiuza za Lukas Dauser, kuti iye anang'ambika mnofu wa mkono patatsala masabata ochepa kuti Olimpiki ya ku Paris iyambe koma anapikisanabe mpaka kufika mu ndime yomaliza. N'zoona. Koma ameneyo anali bambo wa zaka 31, mafupa ake anatseka kalekale, anali katswiri wa dziko lonse wa 2023, ndipo atangovulala anapimidwa ndi makina, madokotala n'kumamutsatira tsiku ndi tsiku. Ngakhale zinali choncho, mendulo sanaipeze. Inu mukamva kuti phwa! m'mkono kapena pachifuwa pafupi ndi m'khwapa, mnofu n'kusintha maonekedwe, pakhungu n'kudera, dziwani kuti mtsempha woduka umasokeka bwino m'masabata oyambirira. Mukadikira miyezi umakhala utafupika n'kuthawira m'kati.

Ndipo wina akagwa chamutu n'kumadandaula khosi, kapena akuti manja ndi miyendo zachita dzanzi, musamudzutse, musamukhazike, musamukweze pa kabaza. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, agonekedwe pa chitseko kapena thabwa, anyamulidwe choncho.

Mwana wanu ngati ali ndi luso, musamuletse. Ayambire pansi, pa udzu kapena pa matiresi, masiku atatu pa sabata osati asanu ndi awiri, ndipo mapaipi atsitsidwe afike m'chiuno. Koma mukaona akugwedeza dzanja akatsika, akusintha kagwiridwe ka cholembera, kapena ululu wa povala wotchi wapitirira sabata ziwiri, pitani naye ku chipatala cha boma, mufunse a mafupa. Akajambula, pemphani kuti ajambule manja onse awiri, ndipo muwauze akulozereni pa chithunzipo pamene pali vuto musanatuluke m'chipindamo.