Mafilimu akale omwe anapulumukira pa mapepala

Anthu ambiri amaganiza kuti mafilimu akale opanda mawu aja alipo onse penapake, basi kungosaka pa intaneti. Ayi ndithu, ambiri anapita kalekale. Lipoti lomwe Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inatulutsa mu 2013 linapeza kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu omwe anapangidwa m'dzikomo pakati pa 1912 ndi 1929, pafupifupi 70 pa 100 alionse anasoweratu.

Vuto linali filimu yakeyo, ankaipanga ndi nitrate, chinthu chosachedwa kuyaka ndipo chikayaka olo uthire madzi sichizima, chikakhalitsanso chimayamba kumata, kununkha, kenako n'kusanduka ufa. Mu 1937 nyumba yosungiramo mafilimu ya Fox ku Little Ferry, New Jersey, inapsa nthawi yotentha ndipo mafilimu ambirimbiri a kampaniyi anathera momwemo. Ena eniake ankachita kuwawononga dala kuti achotsemo siliva, poti mafilimu olankhula atabwera ankaona ngati akalewo palibenso angawafune. Izi zimandiwawa kwambiri.

Koma apa ndiye pali nkhani. Isanafike 1912 lamulo la copyright (loteteza umwini wa ntchito zaluso) ku America silinkaidziwa filimu, linkadziwa zithunzi basi. Ndiye makampani pofuna kuti anzawo asawabere ntchito ankatsuka filimu papepala, kachithunzi kalikonse motsatizana, n'kukapereka ku Library of Congress kuja ngati zithunzi wamba. Mu January 1894 a kampani ya Edison analembetsa kafilimu ka masekondi ochepa ka wantchito wawo Fred Ott akuyetsemula, pambuyo pake makampani ena monga Biograph anayamba kutumiza mipukutu yaitali ya mapepala, mpaka inakwana mafilimu pafupifupi 3,000. Mapepalawo anangounjikidwa m'chipinda, fumbi lokhalokha, kwa zaka zambiri osawakhudza, pomwe mafilimu enieniwo kunja akupsa ndi kuola.

M'ma 1940 Howard Walls, yemwe ankagwira ntchito pa laibulalepo, ndi amene anayamba kuwalongosola, ndipo m'ma 1950 Kemp Niver anagwira ntchito yotopetsa yojambulanso kachithunzi kamodzikamodzi kuchoka papepala kubwezera pa filimu ya 16mm, tangoganizani mapepala ouma opiringizika oti ukawakoka molakwika ang'ambika, mpaka anamupatsa mphoto yapadera ya Oscar chifukwa cha ntchitoyi.

Chomvetsa chisoni n'choti lamulo litasintha mu 1912, laibulaleyi sinkafuna kusunga nitrate poopa moto, ndiye inkabweza mafilimu kwa eniake n'kutsala ndi zolemba zofotokoza nkhani yake basi, mpaka m'ma 1940. Nchifukwa chake kafilimu ka 1903 utha kukapeza, koma yambiri ya 1920 kulibe. Ofufuza za mafilimu a zaka zimenezi amadalira magazini a nthawiyo ngati Moving Picture World ndi Photoplay, momwe muli malonda, zithunzi ndi ndemanga za mafilimu osowawo, ndipo a Media History Digital Library anawasikana n'kuwaika pa intaneti kuti aliyense awerenge ulele.