Masitolo akale a mu tauni ya Zomba aja

Anthu akamakamba za nyumba zakale za ku Zomba amangothamangira ku Masongola, nyumba ya kazembe wa Britain ya 1886 ija, ndi nyumba ya malamulo yakale, koma ine ndimati tayang'ananinso masitolo a amwenye ali m'mbali mwa msewu wa M3 ndi kuzungulira msika, nawonso ndi mbiri ndithu ngakhale penti inasuwa.

Zomba inakhala likulu mu 1891 nthawi ya Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ndiye kumene kuli boma kuli malipiro, makalaliki, apolisi, asilikali a King's African Rifles (KAR), onsewa mwezi ukatha amafuna nsalu, mchere, palafini, bulangete. Amwenye anaona msika umenewo nkumanga. Kamangidwe kake nkofanana: njerwa zootcha, denga la malata, khonde lalitali la zipilala, kauntala yathabwa mkati, katundu wosungira ndi banja lonse kuseri. Pakhondepo mpamene pamakhala telala ndi mashini ake opalasa ndi phazi, umagula nsalu mkatimo nkutuluka masitepe awiri basi wayezedwa kale, mpaka pano ena akadali pomwepo tepi ili m'khosi.

Kenako m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula kuti amwenye achoke m'matauni ang'onoang'ono ndi m'midzi, azichita bizinesi m'mizinda yokha, ndipo Zomba inali pagulu lololedwalo pamodzi ndi Blantyre, Limbe ndi Lilongwe. Nchifukwa chake mukadutsa m'ma trading centre ena mumapeza mzere wa masitolo ogumuka opanda zitseko pomwe a ku Zomba sanatsekedwe.

Koma chimene chinawasunga kwenikweni, mwa kuona kwanga, si chikondi cha zakale ayi, ndi kusamuka kwa likulu kupita ku Lilongwe mu 1975. Ndalama zinatsata boma, ndiye panalibe wogwetsa sitolo kuti amangepo nyumba yosanja. Chancellor College inabwera mu 1973 inde, aphungu anapitiriza kukumana konkuno mpaka m'ma 1990, koma mwana wasukulu wogula sopo ndi shuga sangamangitse tauni.

Pano mkatimo mwadzaza mafoni, simenti ndi mapaipi, makoma anapakidwa mitundu ya Airtel ndi TNM, ndipo eni ena akutseka makonde aja ndi zitsulo kuti apezepo kachipinda kena ka lendi, telala azikasokera kwina.