Utoto wa gitala sulira

Anthu ambiri kuno ku Chipata akamagula gitala yakale amayamba ndi kuisisita. Ikakhala yosalala ndi yonyezimira, ati ndi yabwino. Ikakhala ndi zipsera, ati yatha ntchito. Maganizo amenewa ndi akalekale, koma ndi olakwika.

Pofunika kuyang'anitsitsa ndi pakhosi. Nsambo 6 zachitsulo zimakoka khosi la gitala ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, usana ndi usiku. Gitala ikamakhala padzuwa la Okutobala, kapena m'chipinda chamalata chotentha, guluu amafewa, kathabwa komangirapo nsambo kamayamba kumatuka, khosi nalonso limapindika. Yezani pakati penipeni pa nsambo, pa kachitsulo ka nambala 12 mwa tizitsulo topingasa pakhosi, kuwerenga kuchokera kumutu kwa gitala: mpata wa pakati pa nsambo ndi kachitsuloko ukhale mamilimita 2 kapena 3 basi. Ukaposa kwambiri, zala zidzakuwawani, ngakhale gitalayo iwale ngati galasi.

Yoti muithawe ndi gitala yopangidwira nsambo zanayiloni imene wina waimangira zachitsulo. Zambiri zotere zilibe chitsulo cholimbitsa m'kati mwa khosi, ndiye sizichedwa kugonja.

Nsambo zadzimbiri zisakuopseni, amazisintha mosavuta. Zipsera nazonso zingokuthandizani kunenerera mtengo. Ineyo bola gitala yokandika imene yaimba m'kwaya zaka zambiri kusiyana ndi yongopakidwa kumene vanishi, chifukwa vanishi watsopano nthawi zina amabisa mng'alu.

Kiyibodi nayo musaiweruze ndi maso. Ilumikizeni kumagetsi pomwepo wogulitsa akuona, mudine kiyi iliyonse, yoyera ndi yakuda, mpaka yomaliza.