"Timamudziwa, ndi munthu wa Mulungu": chiphaso chosakwanira chomupatsira munthu ana

Pali ziganizo ziwiri zimene ndatopa nazo kuzimva kwa abusa ndi akuluampingo nkhani yoteteza ana ikabuka. Choyamba chimanenedwa zinthu zisanalakwike: "Ameneyu timamudziwa, ndi munthu wa Mulungu." Chachiwiri chimanenedwa mwana ataulula kale: "Tithana nazo ngati mpingo, zisatuluke kunja." Ana ambiri amene amafika mochedwa kuchipatala kapena kupolisi amakhala atadutsa m'manja mwa akuluakulu amene ananena mawu amenewa ndi mtima wabwino.

Tiyambe ndi choyambacho. Wochitira ana nkhanza zogonana nthawi zambiri si mlendo wobisalira panjira. Ndi munthu amene mwanayo amamudziwa, amene makolo ake amamupatsa mpando akabwera pakhomo. Ndipo vutoli si laling'ono: lipoti la UNICEF la mu 2024 linati atsikana ndi amayi oposa 370 miliyoni amene ali moyo lero, kapena kuti mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse, anagwiriridwa kapena kugwiridwagwiridwa mokakamizidwa asanakwanitse zaka 18. Anyamata nawonso zimawachitikira, kungoti amaulula mwakamodzikamodzi chifukwa cha manyazi.

Munthu wofuna ana sapita kumene angamukayikire. Amapita kumene ana ndi ambiri, ogwira ntchito ndi ochepa, ndipo aliyense wodzipereka amalandiridwa ndi manja awiri. Sande Sukulu, kwaya ya ana ndi gulu la achinyamata ndi malo otero. Amafika molawirira, amachoka pomaliza, sakana ntchito. Asanayambe kunyengerera mwana amayamba wanyengerera akuluakulu, kuti tsiku limene mwanayo adzalankhule mpingo wonse udzati, "Zosatheka." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kanyengereredwe kake kamayenda pang'onopang'ono, ndipo sitepe iliyonse payokha imaoneka ngati chifundo. Amasankha mwana wosowa: wamasiye, amene makolo ake akulekana, amene fizi ikumuvuta, kapena wosungulumwa amene anzake samucheza. Amamugulira nsapato, kenako foni, kenako mayunitsi. Amayamba kumutumizira mauthenga usiku, oyamba amakhala vesi la m'Baibulo. Amamupatsa udindo wapadera umene umafuna kuti atsale ena akamapita, monga kupinda nsalu za paguwa kapena kuyeserera nyimbo payekha. Amamugwira paphewa pagulu kuti aone ngati wina angadandaule. Pomaliza amamupangira kachinsinsi kakang'ono, "usawauze amayi ako za ndalamayi," kuti aone ngati mwanayo amasunga pakamwa. Pofika tsiku la nkhanza yeniyeni, mwanayo amadziona kuti ali ndi ngongole ndiponso kuti nayenso ndi wolakwa.

Nkhani imene imandisautsa mpaka lero, ngakhale inachitikira kutali, ndi ya John Smyth. Anali loya wotchuka wa ku England, ndipo ankatsogolera bungwe la Iwerne Trust limene linkakonza misasa ya chikhristu ya anyamata a sukulu pa tchuthi. M'zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1980 ankatengera anyamata m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yake ku Winchester, n'kumawakwapula ndi ndodo mpaka magazi, akuwauza kuti akuwachotsa machimo. Mu 1982 atsogoleri ena a bungwelo analandira lipoti lolembedwa lofotokoza zonsezi. Sanapite kupolisi. Mu 1984 Smyth anasamukira ku Zimbabwe, kumene anayambanso misasa ya anyamata. Mu 1992 mnyamata wa zaka 16 anapezeka atafa m'dziwe losambiramo pa umodzi mwa misasa yakeyo. Smyth anaimbidwa mlandu wokhudza imfayo koma mlanduwo sunafike pa chigamulo. Kenako anapita ku South Africa, ndipo anamwalira ku Cape Town mu 2018 asanaweruzidwe. Kafukufuku wa Keith Makin amene anatuluka mu Novembala 2024 anapeza kuti ovulazidwa anali oposa 100, ambiri mwa iwo a kuno ku Africa, ndipo patangopita masiku ochepa mtsogoleri wa mpingo wa Church of England, Justin Welby, analengeza kuti akutula pansi udindo chifukwa cha zimene kafukufukuyo anapeza.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi ndi chaka cha 1982 chija. Anthu amene anawerenga lipotilo sanali zigawenga. Anali atumiki amene ankaopa kuti dzina la utumiki lidetsedwa, ndiye anangomuchotsa mwakachetechete. Anyamata onse amene anavulazidwa ku Zimbabwe anavulazidwa lipotilo litalembedwa kale. Nthawi iliyonse imene mpingo usamutsa mtsogoleri wa achinyamata kupita ku nthambi ina "kuti mitima ikhale pansi," kapena kumulembera kalata yabwino yosamukira kuti achoke mwamtendere, ukuchita zomwezo: ukumupatsa ana atsopano amene makolo awo sakudziwa kanthu.

N'chifukwa chake chitetezo cha ana sichingadalire luso lathu lozindikira mtima wa munthu. Luso limenelo tilibe. Chimadalira malamulo ogwira aliyense mofanana, kuyambira mbusa mpaka wosesa, kuti ngakhale woipa atalowa asapeze mpata.

Lamulo lalikulu ndi lakuti pasamakhale wamkulu mmodzi yekha ndi mwana kumalo kosaoneka. Pa kalasi iliyonse, pa kuyeserera kulikonse kwa kwaya, pazikhala akuluakulu awiri, ndipo awiriwo asakhale mwamuna ndi mkazi wake kapena apachibale, chifukwa mkazi saulula mwamuna wake msanga. Wachiwiri akalephera kubwera, phatikizani makalasi kapena pemphani kholo likhalepo. Musangoti lero lokha. Mnyamata wa zaka 17 wothandizira si wamkulu wachiwiri, iyenso ndi mwana malinga ndi pangano la United Nations la mu 1989 lokhudza ufulu wa ana, limene limati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Pa chiwerengero, bungwe loteteza ana la NSPCC la ku Britain limalangiza wamkulu mmodzi pa ana 6 a zaka 4 mpaka 8, mmodzi pa ana 8 a zaka 9 mpaka 12, ndi mmodzi pa 10 a zaka 13 mpaka 18. Ngati muli ndi ana 60 ndi mphunzitsi mmodzi, mulibe utumiki wotetezeka, ngakhale mphunzitsiyo akhale woyera mtima chotani.

Uphungu wauzimu ndiwo umavuta anthu. Inde, mtsikana wa zaka 15 angafune kulankhula ndi mtsogoleri popanda ena kumva. Zimenezo n'zotheka popanda kubisika: akhale pakhonde kapena kumbuyo kwa tchalitchi anthu akuwaona koma osamva, kapena m'chipinda chotsegula chitseko, wamkulu wina akudziwa kuti ali mmenemo ndi nthawi imene alowera. Osati kunyumba kwa mtsogoleriyo, osati m'galimoto, osati usiku. Mapemphero osanjika manja azichitikira pagulu, dzanja pamutu kapena paphewa basi. Aliyense wouza mwana kuti avule, kapena wofuna kudzoza mafuta pamimba, pachifuwa kapena kumaliseche, wachita nkhanza, kaya akuti Mzimu wamuuza.

Wobwera kumene asapatsidwe ana mpaka atakhala mu mpingo miyezi 6. Alembe fomu, atchule anthu awiri omudziwa osakhala achibale, mmodzi wa ku mpingo umene wachokera. Ndiye imbani foni, musangowerenga kalata. Funsani funso limodzi molunjika: "Kodi mungamupatsenso ana anu?" Mvetserani ngati woyankhayo akuzengereza. Kalata ya apolisi yosonyeza kuti munthu alibe mlandu ndi yofunika, koma imangosonyeza amene anagwidwapo, ndipo ambiri sanagwidwepo. Smyth akanaipeza mosavuta.

Foni yasanduka chipinda chotseka chimene makolo sachiona. Mauthenga a utumiki azipita pa gulu la WhatsApp limene muli akuluakulu awiri ndi kholo limodzi kapena angapo. Mtsogoleri asamalembere mwana payekha, asamapemphe zithunzi, asamatumize ndalama. Thandizo la fizi kapena zovala lizidutsa m'komiti n'kukaperekedwa kwa makolo, kuti mwana asakhale ndi ngongole kwa munthu mmodzi.

Misonkhano yogonera komweko ndi mapemphero a usiku wonse ndiwo amafuna kukonzekera kwenikweni. Pakhale chilolezo cholembedwa cha makolo, kaundula wa mayina ndi nambala za foni, ndipo ana aziwerengedwa ponyamuka, pogona ndi pobwerera. Anyamata ndi atsikana agone kosiyana, aang'ono asiyane ndi okulirapo, ndipo wamkulu asagone pamphasa imodzi kapena bedi limodzi ndi mwana amene si wake. Njira ya kuchimbudzi ikhale yowala, ana azipita awiriawiri. Pobwerera, samalani ndi mwana wotsika pomaliza m'galimoto, chifukwa ndiye amatsala yekha ndi woyendetsa. Ndipo musangoyang'ana akuluakulu okha. Nkhanza zambiri ndithu zimachitidwa ndi achinyamata okulirapo kwa aang'ono, m'malo ogona ndi mosambira, pamene atsogoleri ali pa msonkhano wokonza pologalamu ya mawa.

Tsopano chiganizo chachiwiri chija, chimene chimawononga kwambiri. Mwana saulula msanga. Kafukufuku wa boma la Australia wokhudza nkhanza za ana m'mabungwe, amene lipoti lake lomaliza linatuluka mu 2017, anapeza kuti amene anakaperekera umboni anatenga pa avareji zaka pafupifupi 24 asanauze munthu. Choncho mwana akabwera kwa inu lero n'kunena kuti "aphunzitsi amandigwira," dziwani kuti walimba mtima kwambiri, ndipo akhoza osadzabwerezanso.

Khalani pansi, musakuwe, musalire pamaso pake. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndiponso kuti si iye wolakwa. Musalonjeze kusunga chinsinsi. Muuzeni kuti muuza anthu okhawo amene angamuthandize. Musamufunse kuti "bwanji sunakuwe," ndipo musamuikire mayina m'kamwa ngati "ndi uje eti?" Mafunso otere amasokoneza umboni kukhoti. Ingonenani kuti, "Ndiuze zimene zinachitika." Akamaliza lembani mawu ake enieni mmene wanenera, tsiku ndi nthawi, musainire. Mwanayo asafotokozenso kwa mbusa, kenako kwa akuluampingo, kenako kwa amayi a chigwirizano. Kubwerezabwereza kumamuvulaza, ndipo mawu akasiyana pang'ono anthu amati wanama.

Kenako thamangirani kuchipatala, tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP, oteteza kuti kachilombo ka HIV kasakhazikike m'thupi, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 chichitikireni nkhanzayo, ndipo amamwedwa masiku 28. Akayambidwa msanga amagwira bwino koposa. Mapiritsi olera a pangozi amagwira mpaka maola 120, koma mphamvu yake imacheperachepera tsiku ndi tsiku. Palinso mankhwala a matenda ena opatsirana pogonana. Werengani nokha: nkhanza yachitika Lachisanu usiku pa msonkhano, mwana waulula Lamulungu, akuluampingo agwirizana zokumana Lachitatu. Pofika Lachitatulo nthawi ya PEP inatha Lolemba usiku. Mwana akhoza kukhala ndi kachilombo moyo wake wonse chifukwa chodikira komiti.

Ngati zangochitika kumene, mwana asasambe ndipo zovala zisachapidwe. Zovala zimene anavala, makamaka zamkati, ziikidwe m'thumba la pepala kapena zikulungidwe m'pepala loyera, osati m'jumbo ya pulasitiki, chifukwa chinyezi chimawononga umboni. Ngati wasamba kale kapena papita masabata, pitanibe; thandizo lilipo ndipo mlandu sufa chifukwa cha kusamba. Dziwitsani apolisi ndi ofesi yoona za chisamaliro cha ana. Si ntchito ya mpingo kufufuza ngati n'zoona. Woganiziridwayo aimitsidwe pa ntchito iliyonse yokhudza ana nthawi yomweyo, koma musamuuze tsatanetsatane apolisi asanalangize, chifukwa amafufuta mauthenga m'foni n'kuyamba kuopseza banja.

Ndiyenera kunenapo za anthu amene amalowerera pa nthawi imeneyi n'kudya maola a mwana. Mneneri wonena kuti mwanayo ali ndi chiwanda cha chiwerewere, ayambe wasala masiku atatu. Sing'anga wa mankhwala otsuka m'thupi. Amayi achikulire amene amagoneka mtsikana kuti aone ngati "analowedwadi." Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena poyera mu 2018 kuti kuyeza unamwali kulibe maziko a sayansi, palibe amene angadziwe poyang'ana, ndipo ana ambiri ogwiriridwa sapezeka ndi bala looneka. Kuyezako ndi kumuvulanso mwana kachiwiri. Pempherani naye ngati akufuna, koma muzipemphera muli panjira ya kuchipatala.

Enanso amatsegula Mateyu 18 n'kunena kuti mbale akakuchimwira upite kwa iye panokha, choncho amakhazika mwana wa zaka 12 maso ndi maso ndi munthu amene anamugwirira, akulu asanu atazungulira, n'kumuuza kuti akhululuke. Mwana aliyense pamenepo amabweza mawu. Ndimeyo ikunena za kulakwirana kwa abale mu mpingo, osati mlandu waupandu wochitira mwana, ndipo mutu womwewo, vesi 6, ndi umene uli ndi chenjezo loopsa kwa wokhumudwitsa kamwana. Ndalama zopepesera banja nazonso sizitseka mlandu. Zimangogula chete, ndipo amene wazilandira kapena kuzikonza akhoza kudzayankha nawo mlandu wobisa.

Mpingo uliwonse usankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, osakhala mbusa kapena wa m'banja lake, oti azilandira madandaulo a ana. Mayina awo alengezedwe paguwa ndi ku Sande Sukulu, ndipo akhale ndi mphamvu yopita kuchipatala ndi kupolisi popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense, ngakhale wodandauliridwayo atakhala mbusa. Nambala za chipatala chapafupi chimene chimapereka PEP ndi za apolisi azisunge m'foni kuyambira lero, ndipo afunsiretu ngati chipatalacho chimapereka mankhwalawo usiku ndi Loweruka ndi Lamulungu, chifukwa ndi masiku amene misonkhano yambiri ya achinyamata imachitika.