Maloya a makampani mu Lusaka anakulira pa mkuwa

Mukamayenda m'misewu ya ku Rhodes Park kapena ku Longacres mumaona nyumba zakale za atsamunda zomwe zinasanduka maofesi. Pageti pali mlonda, pabwalo magalimoto ali ndandanda, pakhoma kachikwangwani kakang'ono kokhala ndi mayina awiri kapena atatu basi. Ambirife timangodutsapo. Komatu m'nyumba zimenezi ndi momwe amalemberamo mapangano ogulitsira migodi, obwereketsa ndalama zomangira malo opangira magetsi, ndi ophatikizira mabanki. Ena mwa maloya ake chaka chimatha osaponda kukhoti. Ntchito ya mtundu uwu sinayambe kale m'dziko muno, ndipo nthawi zonse yakhala ikukula kapena kufota malinga ndi amene wagwira mkuwa.

Likulu litasamuka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935, chuma chenicheni chinali ku Copperbelt, m'manja mwa Anglo American ndi Rhodesian Selection Trust, ndipo nkhani zikuluzikulu ankakazigamulira kunja. Maloya a m'tauni muno anali azungu, kenaka amwenye angapo. Ofesi ya Musa Dudhia & Co, yomwe ilipo mpaka lero, inatsegulidwa mu 1958, chaka chomwenso Mainza Chona anamaliza maphunziro a uloya ku Gray's Inn ku London. Anthu akuda otere anali owerengeka pa zala. Pa 24 Okutobala 1964 dziko linalandira ufulu lili ndi anthu pafupifupi 100 okha a madigiri, ndiye maloya mwa iwo akanakhala angati? Sukulu ya zamalamulo pa University of Zambia inayamba mu 1967, bungwe la Law Association of Zambia linakhazikitsidwa mwalamulo mu 1973, ndipo a Annel Silungwe anakhala mbadwa yoyamba kutsogolera makhoti onse mu 1975.

Koma pamene ana athu ankayamba kutuluka ndi mapepala a uloya, makampani oti awayimire anali akulowa m'manja mwa boma. Ku Mulungushi mu 1968 a Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, ndipo ku Matero mu 1969 anati litenganso masheya 51 pa 100 alionse m'migodi. Mu 1982 migodi yonse inaphatikizidwa kukhala kampani imodzi yotchedwa ZCCM. Wogula ndi wogulitsa akakhala mwana wa bambo mmodzi, safuna loya wodula pakati pawo. Choncho maloya ambiri anakalowa ntchito ku makampani a boma monga INDECO, ZIMCO ndi ZCCM, komanso ku maunduna. Amene anadziyimira paokha, ngati a Levy Mwanawasa omwe anatsegula ofesi yawo mu 1978, ankadyera milandu ya kukhoti, kusamutsa umwini wa nyumba ndi kulondola ngongole. Loya wotchuka wa masiku amenewo anali wodziwa kuyankhula pamaso pa woweruza, ndipo ofesi zambiri zinali pamwamba pa masitolo mu Cairo Road.

Zinthu zinatembenuka a Chiluba ndi MMD atalowa mu 1991. Lamulo logulitsa makampani a boma linadutsa mu 1992, msika wa masheya wa Lusaka Stock Exchange unatsegulidwa mu 1994, lamulo latsopano la makampani linabweranso chaka chomwecho, la malo mu 1995. Makampani oposa 200 anagulitsidwa pa zaka zochepa. Chilanga Cement inapita, Zambia Breweries inapita, Shoprite inalowa mu Cairo Road mu 1995. Ena sanapeze wogula n'komwe: Zambia Airways inatsekedwa kumapeto kwa 1994, ndipo banki ya Meridien BIAO, yomwe sinali ya boma, nayo inagwa mu 1995. Kugulitsa kumafuna loya, kutseka kampani nakonso kumafuna loya.

Ndikoyenera kuona ntchitoyi pafupi, chifukwa ambiri timaganiza kuti ndi yongosaina. Wogula wochokera ku Johannesburg asanatulutse ndalama amafuna kudziwa chimene akugula. Ndiye amatumiza maloya achichepere m'chipinda chodzaza mafaelo, n'kumasanthula pepala limodzilimodzi. Kodi malo omwe fakitale yakhalapo ali ndi taitolo? M'dziko muno nthaka yonse ili m'dzina la pulezidenti, munthu amangobwereka kwa zaka zosapitirira 99, ndiye zatsala zingati? Kodi malowo sanapinyolitsidwe kubanki? Antchito ali ndi ngongole yanji ya penshoni? Ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, kuli msonkho wotsalira? Pali milandu ingati yomwe ikugona kukhoti? Paja mlandu suwola, ndipo wogula kampani amagulanso milandu yake. Kalaliki wa ofesiyo amakhala ali pamzere ku unduna wa malo kudikira chilolezo chosamutsira umwini, mnzake ali ku kaundula wa makampani, komwe lero timati PACRA. Ntchito yotere munthu mmodzi sangaithe, n'chifukwa chake maloya anayamba kusonkhana m'magulu akuluakulu, wina wa misonkho, wina wa mabanki, wina wa za antchito. Ofesi ya Corpus, yomwe anayambitsa a Elias Chipimo, inabadwa m'nyengo imeneyi, ndipo Chibesakunda & Co inatsatira m'zaka za m'ma 2000.

Nyama yaikulu inali migodi, ndipo apa ndi pomwe mtima umandiwawira. Boma linalemba ntchito N M Rothschild ndi Clifford Chance a ku London kuti alilangize pogawa ZCCM. Mtengo wa mkuwa unali utagwa, ZCCM inkaluza tsiku lililonse, otibwereketsa ndalama ankatikakamiza kuti tifulumire. Zonse zinatha mu Malichi 2000: Anglo American inatenga migodi ya Konkola, pamene Glencore ndi First Quantum anatenga ya Mopani. M'mapangano omwe anasainidwa munali msonkho wa pa miyala yokumbidwa m'migodi wotsika mpaka 0.6 pa 100, komanso lonjezo loti misonkho sidzasinthidwa kwa zaka 15 kapena 20. Mapepalawo anakhala obisika kwa zaka zingapo. Mkuwa utakwera mtengo, dziko linapezeka likuonerera chuma chake chikutuluka, mpaka boma la a Mwanawasa, loya mnzawo, linathetsa mapanganowo mu 2008 n'kukweza msonkhowo kufika pa 3 pa 100. Sindikunena kuti loya amene anamangira bwino kasitomala wake analakwa, imeneyo ndiyo ntchito yake. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mbali yathu inakhala pansi kukambirana ili yosimidwa, ndipo wogwira ntchito wa ku mgodi wa ku Luanshya amene anadikira ndalama zake zaka zambiri analibe womulembera ndime yomuteteza.

Lero maofesi akuluakuluwa amadya pa migodi, mabanki, magetsi, misonkho, kugulana kwa makampani ndi mikangano ya malonda, yomwe yambiri saipititsanso kukhoti koma kwa oweruza apadera osankhidwa ndi mbali ziwirizo, motsatira lamulo la mu 2000. Ambiri analowa m'maubale akunja: Musa Dudhia ili mu ALN, Chibesakunda ili mu DLA Piper Africa, ndipo Bowmans ya ku South Africa nayo ili ndi ofesi mu Lusaka. Abale athu a ku Malawi mwina sadziwa kuti mapepala ena a kuno amathera kwawo: makampani ochita malonda m'mayiko angapo a COMESA akafuna kuphatikizana, chilolezo amakachipempha ku bungwe loona za mpikisano lomwe linayamba ntchito mu 2013 ku Lilongwe.

Phindu lawo sasindikiza, poti maofesiwa ndi a eni ake ogawana okhaokha, ndipo malamulo a ntchito yawo salola loya kuitanira malonda pamsewu. Ndiye mbiri yawo imayezedwa ndi mabuku a ku London, monga Chambers ndi Legal 500, amene chaka ndi chaka amafunsa makasitomala n'kusanja maofesi m'magulu. Bwana wa kampani ali ku Toronto kapena ku Dubai amatsegula mndandandawo n'kusankha. Sikelo imeneyi si yabodza, koma imayeza kukhutira kwa olipira pa ola. Mayi wa ku Chawama amene akulimbirana pulotu sadzafunsidwa, ndipo mlandu wake ukakhala wa kubwalo laling'ono loweruza za mwambo, loya saloledwa n'komwe kukamuyankhulira.

Zaka zaposachedwa zaonetsanso pomwe mphamvu yagona. Ngongole zomwe boma linatenga pa misika ya kunja, zotchedwa Eurobond, za mu 2012, 2014 ndi 2015, zokwana madola 3 biliyoni, zinalembedwa pansi pa malamulo a ku England, kotero titalephera kulipira mu Novembala 2020 zokambirana zinatsogoleredwa ndi maloya akunja mpaka 2024. Nkhani ya Konkola inayenda chimodzimodzi. Mu Meyi 2019 ZCCM-IH, kampani yosunga masheya a boma m'migodi, inapempha High Court ya mu Lusaka kuti itseke KCM, kampani ya migodi ya Konkola, yomwe kampani ya Vedanta inagula mu 2004. Vedanta inathamangira kukhoti ku Johannesburg, n'kuloza ndime ya m'pangano la eni masheya yonena kuti mkangano uliwonse udzaweruzidwa ndi oweruza apadera kumeneko. Ndime imodzi yomwe anthu ambiri anali asanaiwerengepo inakoka mlandu kwa zaka, makontilakitala a ku Chingola ndi ku Chililabombwe akudikira malipiro awo. Mbali ziwirizo zinagwirizana mu 2023, Vedanta inabwerera mu 2024, chaka chomwechonso kampani ya IRH ya ku Abu Dhabi inatenga masheya 51 pa 100 a Mopani. Pangano lililonse mwa atsopanowa nalo lili ndi ndime zake, ndipo ine ndikufuna lidzayalidwe poyera kuti ophunzira a pa sukulu ya uloya ya ZIALE, aphungu ndi mabungwe a anthu a m'migodi aliwerenge lonse mtengo wa mkuwa usanasinthenso.